Mbale ya Munthu Wochokera ku Joni

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, kuti mukamandiseka museke ndi chilolezo. Kolona atangoyamba kumveka, ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti amenewa ndi matenda a anthu okwera ndege. Ndinkati munthu ngati ine, wobadwira ku Nsanje, amene dzuwa linamuphika kuyambira ali kumsana, kachilombo kakangolowa m'thupi mwake kafera pakhomo pomwepo ndi kutentha. Zimenezi ndinkazilalikira ku Joni, anthu n'kumagwedeza mitu, chifukwa imvi ndinali nazo, ndiponso sukulu ndinafika sitandade faifi pamene ena a iwo faifiyo anangoimva kwa anzawo.

Ku Joni ndinapita ndili wamkulu kale. Kampani imene ndinkalondera ku Limbe inatseka, ana akufuna fizi, nyumba yathu ya kuseri kwa Mpingwe ikudontha mpaka pa bedi. Make Rute, ndiye mkazi wanga ameneyo, anandiperekeza ku Wenela atandimangira zigumu ndi chiponde. Basi itaguguza, iye anagogoda pawindo n'kunena kuti, "Bambo a Rute, mukakaona akazi oyera a kumeneko muzikakumbuka kuti mwasiya nkhalamba ya shuga." Matenda a shugawo anali atamupeza nawo kale, ndipo ankayenda ndi timapilitsi take pa mfundo ya chitenje.

Ntchito ndinaipeza ya m'munda wa maluwa, kwa mzungu wina amene agalu ake ankadya bwino kuposa abusa a kwathu. Udzu ndinkadula, masamba ndinkasesa, dziwe losambiramo ndinkatsuka, dziwe loti mwini wakeyo sindinamuonepo akulowamo. Kogona ndinkagona m'kachisakasa ka malata, komwe kumeneko amati mkuku, pamodzi ndi Bonifesi wa ku Thyolo. Iyeyu ankatsuka magalimoto. Anali munthu wamfupi, wamimba, woseka ndi thupi lonse. Ankanditcha "Msena wanga", ine n'kumamutcha "Mlomwe wodya kalongonda". Mbale tinali nayo imodzi. Nthawi yozizira bulangete linalinso limodzi, chifukwa kuzizira kwa ku Joni sikufunsa kuti ndinu abambo a ana angati. Pakutha pa mwezi tinkapita limodzi kwa matransipota kukatumiza katundu kumudzi. Malata a nyumba yanga anakwera chonchi, firiji ya make Rute inabwera chonchi, ngakhale kuti magetsi ake anali oyendera mwayi.

Ndiye kunabwera m'bindikiro. Boma la kumeneko silinachite zocheza. Asilikali anadzaza misewu, mowa unatsekedwa, fodya anatsekedwa, munthu ukapezeka panja unkadumpha ngati chule mpaka pakhomo pako. Ine ndinazemba tsiku lina kupita kuntchito. Geti silinatseguke. Dona wa pakhomopo analankhulira pa kawailesi ka pagetipo kuti ndibwerere, adzandiitana zinthu zikadzakhala bwino. Ndinayesa kuwafotokozera za dzuwa la ku Nsanje, koma kawailesiko kanali katazima kale.

Njala inatikwapula, abale. Magalimoto otsuka kunalibe, poti aliyense anaimika yake m'nyumba. Tinkadya kamodzi, tikatero n'kugona chagada kumvetsera ma ambulansi. Poyamba ankadutsa patali. Kenako anayamba kulowa m'mikuku yathu yomwe. Mzimbabwe wina wa moyandikana nafe, munthu wakuda kuposa ine, woti ndege sanaikwerepo, anamunyamula Lachiwiri, pofika Lachisanu chitseko chake chinali ndi loko wa eni malo. Apo ulaliki wanga unathera pomwepo. Bonifesi anandifunsa kuti, "Msena wanga, uyu nayenso dzuwa silinamuphike bwino?" Sindinaseke. Chimene chinkatiopsa kwambiri n'kufera kumeneko. Kale munthu ukafera ku Joni anzako ankasonkha, bokosi n'kukwera pa ngolo ya kumbuyo kwa basi kupita kwanu. Tsopano zipata za m'malire a mayiko zinali zotseka, ndipo tinkamva kuti akukwirira anthu m'mapepala apulasitiki popanda woimba nyimbo. Titangomva kuti kwabwera mabasi otenga Amalawi, tinagulitsa sitovu ndi matilesi, n'kukwera.

Bonifesi anayamba kutsokomola tili m'kati mwa Zimbabwe. Masiku amenewo munthu akatsokomola m'basi, anthu onse ankatembenuka ngati waba chikwama. Iye ankalowetsa mutu m'jekete langa n'kumatsokomolera m'menemo, ine n'kumakweza mawu kuti, "Fodya ameneyu, abale, musadandaule, wamukola ndi fodya wa chingambwe." Thupi lake linkatentha ngati simbi. Tikamayandikira pachipata, iye ankameza panado n'kuika kansalu konyowa pamphumi, kuti kamfuti koyezera kutentha kaja kasamugwire. Sanali yekha wochita zimenezi. Theka la basi linali ndi mphumi zonyowa. Tonse tinkaopa chinthu chimodzi, kutsitsidwa m'dziko la eni kwathu kuli pafupi.

Pa Mwanza tinapeza anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, maso okha akuoneka. Anatipopera mankhwala, ife ndi katundu yemwe, kenako n'kutilowetsa kamtengo ka thonje m'mphuno. Kamtengo kameneko kanapita kutali, kanakakhudza mpaka zimene ndinkaganiza ndili mwana. Atatero anati zotsatira tikazimvera ku Blantyre, ndipo anatitengera pa bwalo lina la mpira m'tauni muno. Apolisi anali pageti. Tinayala makatoni pansi, anthu ambirimbiri, amayi a ana ndi ife nkhalamba, madzi ochepa, zimbudzi zosakwana. Achibale anadzaza kunja kwa mpanda kumaitana maina. Achinyamata ena sanadikire, anadumpha mpanda masana dzuwa likuswa mtengo, zikwama kumutu, n'kukakwera minibasi pa msewu waukulu. Ine ndinayang'ana mpandawo, ndinayang'ana mawondo anga, ndinati ayi, boma limverereni.

M'mawa mwake Bonifesi analephera kudzuka. Ankapuma ngati munthu wokwera phiri la Ndirande atasenza thumba la simenti. Namwino wina wamng'ono thupi, amene anali atazungulira bwalo lonselo chiyambire dzulo lake osakhala pansi, anamuika kachipangizo pa chala, n'kuthamanga kukaitana ambulansi. Akumukweza, Bonifesi anandikodola n'kunena kuti, "Msena wanga, jekete lako ndalinunkhitsa, ukalichape." Ambulansi inatseka chitseko.

Namwino uja anabwerera kwa ine. "Agogo, munakhala naye pafupi?"

"Mwana wanga, pafupi n'kuchepa. Tinali ngati munthu ndi nsabwe yake."

"Kunyumba kuli ndani?"

"Mayi anu okha. Ana ali kumabanja."

"Ali bwinobwino m'thupi?"

"Ali ndi shuga."

Namwinoyo anati malo otisungira tonse palibe, zotsatira zanga sizinatuluke chifukwa zoyeza zachuluka, ndiye ndipite kunyumba ndikabindikire milungu iwiri. "Koma agogo, mundimvetse. Chipinda chanu chokha, mbale yanu yokha, kapu yanu yokha. Mayiwo asakuyandikireni. Anthu a shuga matendawa sawasekerera."

Inu amene simunapite kunja simudziwa mmene wa ku Joni ankafikira pakhomo kale. Galimoto ya hayala isanaime, ana anali atazungulira kale, amayi akululutira, azibambo a m'dera akubwera mmodzimmodzi kudzalonjera, maso ali pa zikwama. Ine ndinafika ngati mfiti. Anthu atangoona katundu wa ku Joni, zitseko zinayamba kutsekeka mzere wonse. Mayi wina anakoka mwana wake pa mkono mpaka mwanayo anauluka. Make Rute anatuluka akuthamanga manja ali m'mwamba, ine n'kukuwa kuti, "Ima pomwepo! Usasunthe!" Anaima pakati pa bwalo, chitenje chili m'manja, akundiyang'ana ngati ndamutukwana. Ndinamufotokozera zonse mokweza, nkhani zofunika kunong'ona, maneba akumvetsera m'mawindo.

Anandikonzera m'kanyumba ka kuseri komwe ankasungiramo makala ogulitsa. Nyumba ya malata anga ndinkangoionera pa kaboo. Tinajambula mzere ndi phulusa pakati pa bwalo, uku kwake, uku kwanga. Chakudya ankaika pa njerwa ya pamzerepo, n'kubwerera, ine n'kukatenga, ndikatha n'kubwezera pomwepo. Anandipatula mbale yobiriwira ndi kapu ya chitsulo. Ndowa ya madzi ndi sopo inali pakhomo, monga mmene wailesi inkanenera m'mawa ndi madzulo. Wailesi yomweyo ikatha kutiuza kuti tizitalikirana, inkaulutsa misonkhano ya ndale, anthu atathithikana ngati matemba, poti inali nyengo ya kampeni. Boma la kuno linayesa kutseka dziko ngati ku Joni, koma mavenda anakana kuti tidya chiyani, nkhani n'kukathera kukhoti. Ndiye m'dera monse wobindikira ndinali ine ndekha, ndi makala.

Make Rute naye anazunzika. Pa kiyosiki ya madzi anamuuza kuti ndowa yake aziika patali. Makala ake anthu anasiya kugula, ati ali ndi kolona. Kutchalitchi amayi anzake ankamuimbira foni m'malo mobwera.

Uthenga wa Bonifesi unabwera pa foni, kuchokera kwa mng'ono wake. Anati achimwene atisiya ku matenti a kuchipatala. Anati thupi linapita ku Thyolo ndi anthu a zoyera aja, silinalowe m'nyumba, silinasambitsidwe, panalibe kugona pa maliro. Analunjika kumanda, akupopera mankhwala njira yonse, abale ataima patali. Mkazi wake, amene anamudikira zaka zonse zija, nkhope sanaione. Ndinakhala pa thumba la makala foni ili m'manja, ndikumva fungo la munthuyo m'jekete langa. Tsiku limenelo jeketelo ndinaliwotcha. Kuyambira pamenepo ndinkadzuka m'mawa uliwonse n'kupuma mwamphamvu katatu kuti ndione ngati mpweya ukadalipo.

Thupi langa silinkapweteka kwenikweni, kupatula kamutu ndi kufooka. Chimene chinandikwiyitsa n'chakudya. Nyemba zinkamveka ngati dothi, usipa ngati makatoni. Ndinakuwa kuchokera kwanga kuti, "Make Rute, mchere unakwera mtengo kodi m'dziko muno?"

"Mchere ulimo! Mwazolowera zonunkhira za akazi a ku Joni eti?"

"Tiyi uyunso ndi madzi otentha chabe."

"Ndiye bwererani komweko akakuphikireni a dona anu!"

Ndinkangodya pang'ono n'kubwezera mbale pa njerwa, chakudya chili theka. Ndinkayesa kuti ndikumulanga.

Galimoto ya zaumoyo inabwera patapita masiku. Inaima pamsewu chifukwa kwathu sikulowa galimoto, ndipo anthu a zoyera anayenda wapansi dera lonse likuonerera. Anali ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu, mayi wina wa mawu aakulu amene amayeza ana sikelo. Iyeyo ndi amene anandiuza kuti, "Bambo, zotsatira zanu zabwera. Kachilombo muli nako." Anati poti ndikupuma bwino sanditenga, ndipitirize kubindikira, ndipo kusamva kukoma kwa chakudya ndi chizindikiro chake chimenecho. Make Rute anati, "Mwamva? Mchere unalimo."

Mlangiziyo anayamikira mzere wathu wa phulusa, anayamikira ndowa, anayamikira mbale yobiriwira. Kenako anafunsa kuti, "Mayi, mbaleyi mumatsuka ndi sopo?"

"Ndi sopo, padera, siponji yakenso yapadera."

"Mwachita bwino. Nanga bambowa akasiya chakudya mumataya kuti?"

Make Rute anadabwa. "Kutaya? Nditaye usipa? Ndi mtengo wake umenewu?"

"Ndiye mumatani?"

"Ndimamalizitsa ine. Nanga zotsala za abambo amadya ndani pakhomo? Ndimakhuthulira m'mbale yanga, iyayi, m'mbale mwawo sindidyeramo, munatiletsa."

"Nanga tiyi?"

"Tiyi wa shuga sindimwa. Koma uja ankati alibe kukoma ndinangolawa pa kapupo kuti ndione ngati akunama."

Mkazi wangayu analeredwa ku Chikwawa m'zaka za njala, kumene mwana akataya nyenyeswa ankakwapulidwa. Chikwatiranireni, chilichonse chimene ndasiya m'mbale iye amamaliza ali chiimire kukhitchini, osaganiza n'komwe. Malamulo onse a boma anawasunga, koma za zotsala palibe anamuuza, ndipo ine amene ndinkasiya chakudyacho mwadala sindinadzifunse kuti chikupita kuti. Mlangizi anati mwina sizinalowere pamenepo, matendawa amayenda kwambiri ndi mpweya, tisadziweruze. Koma maso ake ananena zina. Anamulowetsa make Rute kamtengo kaja m'mphuno, n'kupita.

Zotsatira zake zisanabwere n'komwe, ndinamva tsache la make Rute litaima m'mawa wina. Kenako chifuwa. Chifuwa chimenecho ndinkachidziwa, ndinachisunga m'jekete kuchokera ku Zimbabwe.

"Make Rute!"

"Ndi fumbi, gonani."

"Fumbi lanji mvula ya chiperoni ikuwaza?"

Pofika tsiku lachitatu ankalephera kufika pa njerwa ija. Ndinkamuona pa kaboo atakhala pakhonde, akufunafuna mpweya kukamwa kuli yasa. Ndinaimba nambala imene azaumoyo anatisiyira. Ambulansi inabwera, sindinganame, inabwera tsiku lomwelo. Ndinavala nsapato kuti ndikwere nawo, poti kwathu kuno wodwala sapita kuchipatala yekha. Pamafunika gadiyani, womuphikira kukhitchini ya chipatala, womusambitsa, wogona pansi pa bedi lake. Mlangizi anatambasula dzanja. "Bambo, kumatenti kulibe gadiyani. Ndiponso inu simunamalize masiku anu."

"Nanga akafuna madzi usiku amupatsa ndani? Mapilitsi ake a shuga mukuwadziwa inu?"

"Anamwino alipo. Bwererani m'nyumba."

Anamutenga momwe anamutengera Bonifesi, chitseko chomwecho, kulira kwa ambulansi komweko. Ndinatsala pakhomo ndekha, nyumba ya malata ili pululu, ine n'kumagonabe pa makala chifukwa kulowamo ndinkaopa. Ana ankaimba foni akulira, Rute mpaka anandifunsa kuti, "Ababa, munabwereranji?" Sindinamukalipire. Funso limenelo ndinali nditadzifunsa kale. Foni ikalira ndinkaopa kuiyankha, chifukwa ndinkadziwa mmene uthenga wake umayambira.

Masiku anga atatha, anandiyezanso n'kundimasula. Ndinavala masiki, ndinaphika phala, ine amene ndinali ndisanamuphikirepo mkazi wanga chikwatiranireni, n'kukwera minibasi pa Limbe. Minibasi zinali zitalamulidwa kukweza anthu awiri pa mpando, kondakitala akulipiritsa mtengo wa anthu anayi. Kuchipatala ndinapeza anzanga ambiri ataima kunja kwa waya, aliyense ndi kadengu kake, tonse maso ali pa matenti oyera. Tinkapereka chakudya kwa mlonda, dzina titalemba pa chivindikiro. Masilinda a mpweya akamatsitsidwa m'galimoto tinkawatsatira ndi maso, poti tinkamva kuti ndi ochepa. Machila akatuluka ataphimbidwa, tonse tinkayang'ana kumapazi kuti tizindikire.

Tsiku lina ndinamuona namwino wamng'ono wa ku bwalo la mpira uja akutuluka, atawonda, mphuno itachekeka ndi masiki. Ndinamuitana. Sanandikumbuke, nanga akanakumbuka angati? Koma ndinamutchulira dzina la mkazi wanga, analowanso m'tenti, ngakhale kuti ntchito anali ataweruka. Anabwerako n'kunena kuti, "Agogo, mayiwo anali pa mpweya, shuga anakwera kwambiri, tinavutika nawo. Dzulo tawachotsa. Ndipo akuti ndikuuzeni kuti phala lanu ndi la mibulu." Ndinagwira waya uja n'kulira pamaso pa anthu, nkhalamba yonseyi, mamina kudzaza masiki.

Anamutulutsa patapita sabata ina. Anabwera atachepa, chitenje chikuzungulira kawiri, akuyenda masitepe ochepa n'kupuma. Maneba anasuzumira m'mawindo, mmodzi yekha ndi amene analimba mtima kukuwa kuti, "Mwachira, amayi?" Azaumoyo anati tonse awiri tilibenso choopsa, tikhoza kukhala nyumba imodzi. Koma ine mantha anali asanandichoke. Madzulo ake ndinamuyalira pa bedi, ndinamuikira madzi ndi mapilitsi pa mpando, n'kutenga mkeka wanga kuti ndizipita ku makala. Ndili pakhomo ndinamva akundiitana ndi mawu otsalira.

"Bambo a Rute, ikani mkekawo pansi. M'tenti muja anthu ankafa uku ndi uku, ine n'kumati Ambuye, musanditenge ndisanamulonjere mwamuna wanga, anthu angadzati ndinali wamwano. Bwerani kuno. Bweretsani dzanjalo. Eya. Mwayenda bwanji ku Joniko?"